Tsiku Limene Amalume Anaomba M'manja Okha

Amalume anga aimbitsa kwaya ya kwathu, kufupi ndi Mvera m'boma la Dowa, kwa zaka zoposa 40. Nyimbo zolembedwa pa mizere isanu ija satha kuziwerenga. Iwo ndi a doh, re, mi, ndipo ali ndi makope awo akalekale, ofiira ndi utsi, m'mene analemba pamanja zilembo za d, r, m, f, s mpaka m'chikutiro momwe. M'makope amenewo muli nyimbo imodzi imene amainyadira kuposa zonse, Aleluya wa George Frideric Handel. Aliyense amene anakulira m'mudzi mwathu akudziwa kuti Khirisimasi ikamayandikira a besi ndi a tenala sapuma, ndipo ukalakwitsa polowera amalume amangokuyang'ana kamodzi, iwe n'kumva thukuta likutsika kumsana.

Komatu mpaka chaka chatha mkulu ameneyu anali asanaimvepo nyimboyi ikuimbidwa ndi zipangizo zimene mwini wake anailembera. Ndiye nditamva kuti mu holo ina ku Lilongwe mukhala konsati ya nyimbo zimene eni ake amati classical, ndi kuti Aleluya adzakhala wotsekera, ndinatenga ndalama ya nkhani ziwiri zimene ndinagulitsa n'kugula matikiti awiri. Ndinawaimbira foni.

"Mphwanga," anatero, "kumeneko amavala chiyani?"

Ndinati jekete lawo la pa Sabata lija likwana.

"Nanga m'manja amaomba nthawi yanji?"

Ndinaseka. "A malume, zimenezo n'zofunsanso? Nyimbo ikatha, basi."

Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Amalume anafunsa ndithu, tsoka lake anafunsa mbuli, ndiye phulalo tinadyera limodzi.

Konsati inayamba ndi anthu anayi okha: awiri ali ndi mavayolini, wachitatu ali ndi vayolini yokulirapo, wachinayi ali ndi chimphona chake chochita kukhazika pansi pakati pa miyendo. Amalume anandinong'oneza kuti, "Akaligo a Azungu awa." Anaimba bwino zedi kwa mphindi zingapo, kenaka onse anayi anakweza mauta awo nthawi imodzi, nyimbo n'kuduka. Amalume, ndi manja awo olimba ndi khasu, anaomba: pha! pha! pha! Okha. Holo yonse inali zii. Munthu wina kutsogolo kwathu anatembenuka n'kuti "Shhh!", mitu ingapo inacheukanso, ndipo oimba aja anayamba chigawo chachiwiri cha nyimbo yomweyo. Ine maso anali pa nsapato. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo.

Nthawi ya Aleluya itakwana anthu onse anaimirira. Amalume anaimirira pomalizira, ndipo nyimbo imene amaidziwa pamtima kuyambira kwa a sopulano mpaka kwa a besi anaimvera milomo ili yotseka, manja ali m'thumba. Mawa lake mu minibasi sanayankhule mpaka titafika pa Chezi. Pamenepo ndiye anati, "Zaka zonsezi ndimayesa nyimbo ija ndi yanganso. Kani ili ndi eni ake."

Mawu amenewa anandisowetsa tulo. Ndinayamba kufufuza m'mabuku kuti lamulo limene tinaswali linachokera kuti, analiika ndani, ndipo liti. Zimene ndinapeza ndati ndikugawireni inu owerenga, makamaka a makwaya a ku Dowa ndi ku Ntchisi amene tsiku lina mudzapezeka mu holo yotere.

Tiyambe ndi Handel yemweyo. Iye anali Mjeremani wokhala ku London, ndipo Messiah, nyimbo yaitali ya maola oposa awiri m'mene muli Aleluya, anailemba m'masiku 24 m'chaka cha 1741. Inaimbidwa koyamba ku Dublin, m'dziko la Ireland, pa 13 April, 1742, mu holo ya mu msewu wa Fishamble. Malangizo amene anthu anapatsidwa pokonzekera tsikulo sanakhudze za m'manja. Manyuzipepala anapempha kuti amayi asavale madiresi aja otukumuka okhala ndi mikombero m'kati, ndi kuti abambo asiye malupanga awo kunyumba. Nkhani inali ya malo, ndipo mu holo ya anthu 600 munalowa anthu 700. Ndalama zimene zinapezeka, pafupifupi mapaundi 400, zinathandiza zipatala ziwiri ndi kutulutsa m'ndende anthu 142 amene anamangidwa kaamba ka ngongole. Onani, ulemu woyamba umene Messiah anapempha unali wakuti upanikizike kuti mnzako apeze pokhala, monga momwe timachitira pa benchi la m'tchalitchi.

Nanga kuimirira pa Aleluya? Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti Mfumu George II inaimirira pamene nyimboyi inkaimbidwa ku London mu 1743, anthu onse n'kuimiriranso poti mfumu siimirira yokha. Akatswiri a mbiri yakale afufuza koma sanapeze kalata kapena nyuzipepala ya nthawiyo yosonyeza kuti mfumuyo inalipo n'komwe. Mwambo ulipo, ndipo ndi wokongola, koma chiyambi chake ndi "akuti akuti".

M'zaka zimenezo nyumba za nyimbo ku Ulaya zinali zaphokoso. M'nyumba za opera, zisudzo zoimba zija, ku Italy anthu olemera ankacheza, kudya, kusewera makadi, n'kumatchera khutu pokhapokha woimba wotchuka akayamba nyimbo imene ankaidikirira. Opeka nyimbo nawonso sankadandaula anthu akaomba m'manja pakati. Wolfgang Amadeus Mozart, ali ndi zaka 22, analembera bambo ake kalata pa 3 July, 1778 ali ku Paris, kuwafotokozera m'mene symphony yake yatsopano inayendera. Symphony ndi nyimbo yaitali ya zipangizo zokhazokha, yogawika m'zigawo zitatu kapena zinayi. Mozart anati m'chigawo choyamba anaikamo dala ndime imene ankadziwa kuti anthu aikonda, ndipo itafika anthu anaomba m'manja zipangizo zili m'kati molira. Poti anadziwiratu, ndimeyo anaibwerezanso kumapeto. Mnyamatayo anakondwa mpaka anapita kukadzigulira ayisikilimu. Amalume akanakhala ku Paris tsiku limenelo, Mozart akanawagwira chanza.

Pa 7 May, 1824 ku Vienna, Ludwig van Beethoven anali kutsogolo pamene symphony yake ya nambala 9 inkaimbidwa koyamba. Anali atagontha kale. Anthu anaomba m'manja nyimbo isanathe yonse, ndipo mmodzi mwa oimba, Caroline Unger, anachita kumutembenuza kuti aone ndi maso zimene makutu ake sakanamva. Khamu lija linayamba kukupiza mipango ndi zipewa m'mwamba. Amayi a kwathu akamakupiza zitenje pa ukwati sakuchita chachilendo.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1800. Opeka anayamba kulemba nyimbo zimene zigawo zake zimagwirana ngati mitu ya buku limodzi, ndipo sankafuna kuti ulusi uduke. Felix Mendelssohn analamula kuti symphony yake yotchedwa Scottish, ya mu 1842, iziimbidwa yonse mosapumira. Panalinso vuto la aganyu. Ku Paris kunali magulu a anthu olipidwa kuti aziomba m'manja, kuseka kapena kulira pa nthawi imene auzidwa, ndipo woimba wokana kuwalipira ankamukuwiza. Okonda nyimbo anatopa nazo. Richard Wagner atatsegula nyumba yake ya opera ku Bayreuth mu 1876, anachepetsa nyali za kumene kumakhala anthu kuti maso onse akhale kutsogolo, aleke kuonetsana zovala. Gustav Mahler atakhala mkulu wa opera ya ku Vienna mu 1897 analimbana ndi aganyu aja, ndipo analamula kuti wochedwa azidikira panja mpaka papezeke mpata. Kenaka kunabwera wailesi ndi galamafoni, anthu anazolowera kumva nyimbo yonse popanda chosokoneza, ndipo pofika m'ma 1950 kukhala chete pakati pa zigawo kunali kutasanduka lamulo losalembedwa.

Imene inandiseketsa ndekha ngati wamisala ndi ya Wagner. Mu 1882, poonetsa opera yake yotsiriza yotchedwa Parsifal, anapempha anthu kuti asaitanire oimba kutsogolo sewero lili pakati. Anthu anamva molakwa, anayesa waletsa kuomba m'manja, ndipo anayamba kutontholetsana okhaokha. Tsiku lina Wagner mwini wake, atakondwa ndi gawo lina, anafuula moyamikira, ndipo anthu anamuuza "Shhh!" Mwini nyimbo ameneyo! Kotero lamulo limene amalume anaswa silinakwanitse ngakhale zaka 150, ndipo Aleluya amene amaimbitsa kumudzi ndi wamkulu kwa lamulolo ndi zaka zoposa 100.

Tsono tibwerere kwathu. Kodi ife a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi tinalibe mwambo wa womvera nyimbo Azungu asanafike? Wonena zimenezo sanapondepo pa bwalo la gule wamkulu. Kwa bambo anga ku Ntchisi, kumene ndinkapita pa holide, ndinaphunzira ndili mwana kuti pa bwalo pali malo a mfumu, malo a ang'oma, mbali ya amayi ndi mbali ya abambo. Sudutsa pakati chilombo chikuvina. Ngakhale utaganiza kuti mapazi amenewo ukuwadziwa, sutchula dzina la munthu, ukatero ndi mlandu wa nkhuku kapena mbuzi. Atsabwalo alipo kuti asungitse mwambo. Ukakondwa umafupa, ndipo kufupako kuli ndi kachitidwe kake. Amayi saomba m'manja mwachisawawa, poti m'manja mwawo ndi mbali ya nyimbo, ndipo wosemphanitsa amamuyang'ana ndi diso lomwe lija la amalume. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo alendo amene amabwera kudzaonera ndi makamera awo amalakwitsa pa bwalo lathu monga momwe ife tinalakwitsira mu holo ija. Kusiyana kwake n'kwakuti pa bwalo ulemu ndi kuyankha nyimbo, wongokhala duu ndiye wamwano, pamene mu holo ulemu ndi kukhala phee.

Kumvera nyimbo uli phee kunafika kwathu ndi amishoni. Pa 28 November, 1889 abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa anakhoma tenti yawo pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere. Mu 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ya Kongwe, kumene kuli sukulu ya sekondale ya dzina lake. M'mapiri a Ntchisi munamangidwa Chinthembwe wa a Dutch omwewo ndi Kayoyo wa a Anglican. Taonani zakazo: ndi pafupifupi nthawi yomweyo imene Wagner ndi Mahler ankaphunzitsa anthu a kwawo kukhala chete. Koma amishoniwa sanatengere zimenezi ku opera ai. Iwo anali ana a tchalitchi, m'mene munthu amakhala phee kuti amve Mawu, ndipo kunena zoona ndi holo za konsati zimene zinabwereka khalidwe la m'tchalitchi.

M'sukulu za mishoni ana anaphunzira nyimbo mwa njira ya doh, re, mi, imene Sarah Glover wa ku Norwich anayambitsa ndipo mbusa John Curwen anaikonza ndi kuifalitsa ku England kuyambira m'ma 1840. Njirayi inali ya anthu wamba, ana a Sande sukulu ndi antchito a m'mafakitale amene analibe piyano kapena ndalama yolipira mphunzitsi. N'chifukwa chake inamera bwino kwathu: bolodi, choko ndi khutu, basi. Ndi njira yomweyi imene inafikitsa Handel m'makwaya a anthu osauka a ku Wales ndi kumpoto kwa England, ndiponso m'makope ofiira a amalume. Amene akuganiza kuti Aleluya ndi wa anthu a mataye okha sakudziwa njira imene nyimboyi inadzera.

Koma mphatso imeneyi inali ndi mtengo wake. Ng'oma inatsala panja. Kwa zaka zambiri nthungululu ndi kuomba m'manja sizinkaloledwa m'mapemphero, ndipo Mkhristu wopezeka ku gule ankadulidwa. Kumpoto, ku Embangweni, Donald Fraser analimbikitsa anthu ngati Mawelera Tembo kupeka nyimbo za m'tchalitchi pa maimbidwe a Chingoni, ndipo kwa Akatolika ng'oma inapeza khomo msonkhano wa Vatican wa 1962 mpaka 1965 utatha. Kwathu kunatenga nthawi. Dzina lenileni la Mvera limandiganizitsa. M'Chichewa kumva, kumvetsera ndi kumvera ndi ana a mimba imodzi, koma sachita zofanana. Womvetsera amatchera khutu chifukwa akufuna. Womvera nthawi zina amangoopa chikoti. Makolo athu pa mabenchi a mishoni anaphunzira ziwirizi nthawi imodzi, ndipo mpaka lero timazisokoneza.

Komabe anthu a kwathu sanangokhala manja lende. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga anabwerera kumudzi ataona perete ndi mabandi a malipenga. Malipenga amkuwa analibe, ndiye anatenga zikho, kuziboola, kumatapo kanembanemba ka kangaude, n'kupanga mabadza. Umo ndi m'mene magule ngati mganda ndi malipenga anafalira, ndipo Terence Ranger analemba za mtundu wa magule amenewa m'buku lake la mu 1975. Hugh Tracey, wojambula nyimbo za mu Africa uja, anafika mu 1958 ku Visanza, dzina lakale la boma la Ntchisi, n'kujambula maimbidwe a kumeneko.

Ngati mukufuna konsati ya kwathu, ndi mganda. Gulu, limene amati boma, limaitana boma linzake la mudzi wina. Mlungu wonse anyamata amachapa ndi kusita, malaya oyera mbee, masokosi aatali, kampango m'manja. Eni mudzi amaphika. Oonera amakhala mozungulira, osalowerera mizere ya ovina, ndipo wofupa kapena wopukuta thukuta mnzake amalowa ndi kutuluka osasokoneza sitepe. Palibe amene analemba malamulo amenewa, koma mwana aliyense amawadziwa. Munthu amene anakonzekerapo mganda sangalephere kukonzekera konsati.

Pali mtundu winanso wa m'manja umene dziko lino likuudziwa bwino. Mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, kuyambira 1964 mpaka 1994, kuomba m'manja sikunali kosankha. Ana a sukulu ankandandalikidwa m'mbali mwa msewu, amayi a mbumba ankavina, ndipo pa msonkhano munthu sukanayerekeza kupinda manja anzako akuomba. Aganyu a ku Paris aja bola ankalipidwa. Bata la nthawi imeneyo nalonso silinali losankha, ndipo amene analiswa ena anakathera ku Dzaleka, m'boma lathu lomweli la Dowa, kumene kunali ndende ya andale ndipo m'zaka za m'ma 1970 kunatsekeredwa a Mboni za Yehova ambirimbiri. Mu 1994 malo amenewa anasanduka msasa wa anthu othawa kwawo, ndipo mu 2014 mlakatuli wochokera ku Congo, Menes La Plume, anayambitsa pomwepo chikondwerero cha nyimbo cha Tumaini, cholowa ulere, kumene anthu zikwizikwi anaimba, kuvina ndi kukuwa m'mene afunira. Pamalo pamene munthu ankaphunzitsidwa kutseka pakamwa! Mtundu umene unadutsa m'zimenezi uli ndi chifukwa chonyansidwa ndi "Shhh!" aliyense.

Nanga tsono tizingoomba paliponse pamene tafuna? Apa ndiye ndinadzitsutsa ndekha. Bata la mu holo lili ndi ntchito yake. Vayolini ilibe zokuzira mawu. Woimba akafuna kuti nyimbo inong'one, mawu ake amachepa kuposa kukhuluza kwa pepala la switi, ndipo munthu wa mpando wakumbuyo, amene walipira ngati iwe, amawataya ukangotsokomola. Kampata ka pakati pa zigawo nakonso nthawi zambiri ndi mbali ya nyimbo: chigawo chachisoni chikatha, mtima umafuna kupuma usanalandire chachisangalalo. Bata lotere ndi mphatso imene omvera amapatsana okhaokha ndi kupatsa woimba. Kwa eni umatsata mwambo wa eni, monga momwe timafunira kuti mlendo atsate wathu pa bwalo. Chokhacho, tiziutsata tikudziwa kuti ndi mwambo chabe, wopangidwa ndi anthu dzulodzuloli. Si muyeso wa nzeru kapena wa kutsogola.

Tsono nazi zimene ndikanawauza amalume pa foni paja ndikanadziwa. Nyimbo zimene zikaimbidwe zimveni kaye, pa wailesi kapena pa foni ya mdzukulu, chifukwa nyimbo yaitali ili ngati njira ya m'phiri la Ntchisi, imakoma ulendo wachiwiri. Zovala zikhale zochapa, zimene mungapite nazo kutchalitchi kapena ku ukwati. Palibe amene adzakufunsani taye. Fikani nthawi ikadalipo, mphindi 30 zisanayambe, poti nthawi ya pa tikiti ndi yoyambira kuimba, ndipo wochedwa amadikira pakhomo. Foni izimitsidwe, mtedza ndi chimanga chokazinga zitsale m'chikwama mpaka nthawi yopumira. Wa chifuwa atenge kampango ndi kusankha mpando wakumphepete. Wa mwana wamng'ono akhalenso kufupi ndi khomo.

Pepala la pulogalamu ndiye bwenzi lanu. Pansi pa dzina la nyimbo mukaona mizere itatu kapena inayi ya mawu a Chitaliyana, monga allegro, kutanthauza mofulumira, kapena adagio, kutanthauza mwapang'onopang'ono, dziwani kuti ndi zigawo za nyimbo imodzi. Ziwerengeni pa zala, muombe chotsiriza chikatha. Poyambirira mudzamva zipangizo zonse zikulira mosokonekera. Si nyimbo imeneyo, akungochuna. Woimbitsa, amene iwo amati kondakitala ngakhale satolera ndalama, akamalowa mumamulandira ndi m'manja. Akakweza manja, bata. Malinga manja ake ali m'mwamba, ngakhale zipangizo zitasiya kulira, nyimbo sinathe. Akawatsitsa n'kutembenukira kwa inu, imeneyo ndiyo nthawi yanu. Ku opera n'kosiyana pang'ono, kumeneko anthu amaomba woimba akamaliza nyimbo yake yaikulu ngakhale sewero likupitirira. Mukakayika, dikirani ena ayambe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa inu amene munazolowera kale holo zimenezi ndili ndi mawu amodzi. Mlendo akaomba posayenera, dziwani kuti nyimbo yamufika pamtima, chimene woimba aliyense amapempherera. "Shhh!" wanuyo amasokoneza kuposa m'manja mwakemo. Okonza konsati nawonso sangataye kanthu ataima kutsogolo mphindi imodzi n'kunena, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kuti nyimbo ikubwerayi ili ndi zigawo zinayi, tisunge m'manja mpaka kumapeto. Ku London, Robert Newman ndi Henry Wood anayambitsa mu 1895 makonsati otchipa otchedwa Proms, oti munthu wamba azimvera ataimirira, chifukwa anadziwa kuti nyimbo yosowa alendo atsopano imafa pamodzi ndi nkhalamba zake.

Mwezi wa December ndinakwera minibasi kupita kumudzi. Ndinawapeza amalume pa khonde akusoka chikutiro cha kope limodzi lija. Ndinawafotokozera zonse, za malupanga a ku Dublin, za ayisikilimu wa Mozart, za Beethoven wogontha. Pa nkhani ya Wagner anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti sindinalakwe, mphwanga. Ndinangochedwa ndi zaka 200."

Anakhala chete pang'ono, kenaka anatsegula kope pa tsamba lomaliza la Aleluya n'kuloza ndi chala. Amene munaimbapo nyimboyi mukudziwa kuti kumapeto kwenikweni, mawu onse atathamanga mpaka pachimake, pali malo pamene kwaya yonse imaduka nthawi imodzi, zii, isanatseke ndi mawu otsiriza aja aatali.

"Apa," anatero. "Chaka chilichonse pamapezeka wina wolowa msanga, kapena mayi wina woyamba nthungululu. Ine ndimamuyang'ana ndi diso loipa. Kani bata lija ndi lomweli."

Ndinawafunsa ngati chaka chino adzamuyang'anenso choncho. Anati aona, koma adzayamba awauza anthu nyimbo isanayambe kuti pali dzenje kutsogolo, asagweremo. Kenaka anandiuza kuti kukadzakhalanso konsati ina ku Lilongwe ndidzagule matikiti atatu, ndi kuwatumizira pulogalamu mlungu umodzi zisanachitike kuti awerenge zigawo. Tikiti yachitatu ndi ya akazi awo. Akuti kondakitala akadzangotsitsa manja n'kutembenuka, holo imeneyo idzamva nthungululu ya ku Mvera.